Kabuleta ya a Chachikulu

Alamu anga sankazimitsa galimoto ngati anthu ena. Akaima, ankayamba aponda mafuta mpaka pansi, injini n'kulira ngati ikuphedwa, kenaka n'kupotokola kiyi phokoso lisanathe. Ankatero pageti la nyumba yawo, ankatero pamaliro, ankatero ngakhale pakhomo la chipatala pomwe pali chikwangwani chopempha anthu kukhala chete. Ukawafunsa ankati akuisiyira injini kamafuta kukhosi kuti idzadzuke bwino mawa. Zoona zake n'zakuti ankafuna kuti msewu wonse udziwe kuti afika.

Ine ndimakhala tsidya lina la msewu womwewo, moyang'anizana ndi geti lawo. Mpando wanga uli pakhonde, choncho zambiri ndinaziona ndi maso anga.

Anthu ankawatchula kuti a Chachikulu. Dzinali linachokera m'masitolo. Wogulitsa akawapatsa chinthu, iwo ankachitembenuza m'manja, n'kukwinya mphuno, n'kufunsa kuti, "Palibe chachikulu?" Nsapato ankagula zokulirapo n'kumatsendera mapepala kuzala. Pakhola la nkhuku anaikapo loko woyenera geti la fakitale, moti chitseko cha kholalo chinapendekeka ndi kulemera kwake. Kale anali kapitawo wa alonda panyumba ina yosungiramo katundu. Ntchito itatha anatsala ndi mayendedwe okha, manja kumbuyo, mimba patsogolo, ndipo munthu yekhayo amene anatsala woti azimulamula anali mkazi wawo, yemwe ndi mlongo wanga.

Galimotoyo sinali yawo. Inali ya malemu bambo athu, kagalimoto kakale ka zitseko zinayi, kotuwa ngati phulusa, ka mpando umodzi wautali kutsogolo ndi giya ya pachiwongolero. Bambo anaisiyira mlongo wanga chifukwa ndiye anaphunzira kuyendetsa. Ine njinga yanga inkandikwanira. Atangokwatirana, alamu anatenga kiyi n'kuimangirira palamba wawo. Anati mwamuna sangakhale pampando wa mlendo mkazi wake ali pachiwongolero, anthu aziti chiyani. Mlongo wanga analola. Nthawi imeneyo miyendo yake inali yolimba, ndiye nkhani ya kiyi sanaione ngati nkhani.

Mlongo wanga ndi telala. Shopu yake inali pamwamba pa chitunda, kuseri kwa msika, pamalo pomwe makolo ankadutsa pokasoketsa mayunifolomu a ana. Ma minibasi amathera m'munsi mwa chitundacho. Pamene zaka zinkapita, nyamakazi inamugwira m'maondo, n'kufika poti kukwera masitepe a pakhonde langa ankachita kugwira chipupa. Kuyambira pamenepo galimotoyo ndiyo inali miyendo yake. M'mawa inkamukweza chitunda, madzulo n'kumutsitsa. Itati ife, ndiye kuti shopu yafanso. Zimenezi aliyense mumsewu wathu ankazidziwa kupatula munthu amene ankasunga kiyi.

Masana, mkazi ali pamakina, alamu ankaisandutsa galimotoyo lole. Matumba a simenti m'buti, matabwa padenga, anzawo a kubala atapanikizana kumbuyo. Sankalipiritsa. Ankangofuna kumva mawu oti "bwana". Oyilo sankasintha, sefa ya mpweya sanaitsegulepo. Sizinadabwitse munthu galimoto itayamba kufooka pachitunda, kutsokomola, ndi kutentha mpaka madzi kuwira.

Tsiku lina mlongo wanga anawoloka msewu ndi ndodo yake.

"Achimwene, mawa akupita nayo kugalaja. Mupite nawo."

"Ine ndikatani kumeneko?"

"Mukamve ndi makutu anu. Akapita okha adzandiuza zimene iwo anena, osati zimene auzidwa."

Galajayo inali kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Malata pamitengo, dothi lakuda ndi oyilo, galu atagona m'chigoba cha galimoto yopanda zitseko. Mwini wake anthu ankamutchula kuti Bweranimawa, chifukwa ndiwo mawu amene ankatuluka msanga m'kamwa mwake. Tinamupeza akusewera dirafuti ndi zitsekerero za mabotolo. Anadzuka monyinyirika, n'kutsegula boneti, n'kumvetsera injini ali chotokosera mano m'kamwa. Maso ake anali pa dirafuti. Zinkaonekeratu kuti tsiku limenelo sankafuna kudetsa manja.

"Bwana, galimotoyi yakalamba," anatero. "Mukuigwiritsa ntchito ngati bulu. Palibe chachilendo apa. Ikungofuna kupuma."

Alamu anamenya denga la galimoto ndi chikhatho. "Kupuma. Ndimanena ine. Ikubanika imeneyi. Ipuma bwanji ndi kakhosi ngati ka nkhuku aka?"

Ankaloza kabuleta. Kwa amene sadziwa, kabuleta ndi kachitsulo kokhala pamwamba pa injini za galimoto zakale, kamene kamasakaniza mafuta ndi mpweya injini isanameze. Ya galimoto yathuyi inali ngati chibakera cha munthu. Bambo ankaitsuka Loweruka ndi mswachi wotha ntchito, ndipo m'zaka zonse zimene anakhala nayo sinawavutepo.

Ine sindiyankhulayankhula, koma apa ndinayankhula. "Alamu, mnzathuyu akunena kupuma kwa munthu wotopa. Akuti muzisiya kuisenzetsa simenti."

"Alamu, inu mumayendetsa njinga. Njinga ili ndi mapapo?"

Ndinayang'ana Bweranimawa kuti anene yekha chimene amatanthauza. Iye anali atasiya kuyang'ana dirafuti. Ankayang'ana pashelefu yakumbuyo, pomwe panali chikabuleta chafumbi cha makosi awiri, chimene anachotsa pa galimoto ina yaikulu yonyamula katundu imene inachita ngozi. Chinali chitakhala pamenepo kalekale chopanda wochifuna.

"Kupuma ndi kupuma, madala," anandiuza, n'kulavula chotokosera chija.

Anachitsitsa, n'kuchipukuta ndi malaya ake. Alamu anachilandira ndi manja awiri ngati mwana wakhanda. Anasuzumira m'makosi mwake, n'kulowetsamo zala zitatu. Ndinayembekezera funso lawo lija, ndipo linabwera.

"Palibe chachikulu?"

"Kuposa ichi, bwana, ndiye kuti cha sitima."

Anaseka onse awiri, wina akuseka kuti wapeza chitsiru, winayo akuseka kuti wapeza katswiri womumvetsa.

Chinthucho sichinakwane pamalo pake. Bweranimawa anadula chitsulo chophwatalala, n'kuchiboola mabowo, n'kuchiika pakati kuti zigwirane. Sefa ya mpweya inakana kukhalapo, ndiye anaitaya pakona n'kumangapo chidutswa cha neti ya udzudzu ndi waya. Boneti inakana kutsekeka. Anaichotsa, n'kuigoneka pa tayala, n'kuimenya ndi hamala kuchokera m'kati mpaka inatupa chulu pakati. Galimoto ya bambo inatuluka m'galajamo ili ndi chotupa pamphumi. Alamu anachikonda chotupacho kuposa china chilichonse. Ankati galimoto zampikisano zimakhala choncho.

Madzulo mlongo wanga anandifunsa zimene ndinamva. Ndinamuuza mmene zinayendera, osawonjezera. Kenaka anafunsa kuti, "Nanga yakale ija ili kuti?" Ndinati yatsala kugalaja.

Nkhani ya kabuleta si yovuta. Injini imakoka mpweya ngati mmene munthu amayamwira chakumwa ndi kapaipi. Kapaipi kakakhala kakang'ono, mpweya umathamanga, n'kunyamula mafuta ali ngati nkhungu, ndipo amapsa onse. Ukampatsa munthu yemweyo paipi ya madzi a mumsewu kuti ayamwire, mapapo ake sakwanitsa. Injini yaing'ono pa khosi lalikulu imatero. Mpweya umayenda mwaulesi, mafuta sasakanikirana, amangogwera m'kati ali madontho. Ukaponda kuti unyamuke, khosi lonse limatseguka kamodzi, injini n'kutsamwa. Khosi lalikulu limathandiza injini yaikulu imene ikuthamanga mapeto ake pamsewu wautali. Galimoto yathuyi ulendo wake unali wa kunyumba, pamaloboti, pamsika, pachitunda.

Pamaloboti m'pamene inayamba kuchititsa manyazi. Nyali yobiriwira ikayaka, alamu ankaponda, galimoto n'kuchita ngati yameza fupa, n'kuzima. Kumbuyo mahutala. Iwo ankatulutsa dzanja pawindo n'kumakupiza ngati akuthamangitsa ntchentche. M'mawa sinkalira popanda kukankha, ndipo amuna a mumsewu wathu anaphunzira kuchedwa kubafa akamva geti la alamu likutsegulidwa. Utsi unali wakuda, wolowa m'maso. Khoma loyera la pafupi ndi geti linada malo amodzi pomwe paipi ya utsi inkaloza akamachita mwambo wawo wozimitsa uja. Ndipo mwambowo tsopano unali poizoni weniweni, chifukwa kuponda komaliza kuja kunkathira mafuta ambiri m'injini yoti ikuzima, mafutawo n'kumatsika m'makoma mwake akutsuka oyilo.

Kamodzi anainyamula kupita nayo kumsewu waukulu wa kunja kwa tauni, ali ndi anzawo a kubala aja. Kumeneko, potsetsereka, inathamangadi. Nkhani imeneyo anaifotokoza kwa miyezi. Pofotokoza koyamba anapitirira basi. Pofika kumapeto anali atapitirira basi, ambulansi ndi galimoto ya apolisi.

Mlongo wanga ndiye ankalipira. Nsalu za makasitomala zinkafika kushopu zikununkha petulo. Mayi wina anabweza diresi la ukwati la mwana wake, akuti mkwatibwi sangalowe m'tchalitchi akununkha ngati jenereta. Masiku ena shopu inkatsegulidwa dzuwa lili pamutu chifukwa m'mawa wonse unathera kukankha.

Tsiku lina ndinawamva ali pageti, mlongo wanga ali m'galimoto, alamu ali m'boneti.

"Abambo, bwezeretsani yakale ija."

"Ikuzolowera. Nsapato yatsopano imayamba yaluma."

"Nsapato zanu sizinakulumenipo. Mumasambiramo."

"Vuto ndi mafuta a masiku ano, ndi amadzi. Iwe zako ndi singano, za injini uzisiye."

"Galimotoyi ndinaiyendetsa ine musanaidziwe."

"N'chifukwa chake inafooka."

Mlongo wanga sanagonje msanga. Anandipempha kuti ndimuperekeze kwa Bweranimawa alamu osadziwa. Tinayenda pang'onopang'ono, iye akupumira pa mpanda uliwonse. Titafika anafunsa za kabuleta ya bambo ake. Bweranimawa anafufuza m'chidebe cha mabawuti, anasuzumira pansi pa benchi, anakankha galu kuti aone pomwe wagona. Ine ndinali nditamva kale kuti ikugwira ntchito pa galimoto ya munthu wina wogulitsa mazira, imene inkadutsa pakhomo panga m'mawa uliwonse ikuyenda mwakachetechete ngati mphaka.

"Ilipo, mayi, musadandaule. Yangosokonekera. Bwerani mawa."

"Ndi maondo awa?"

"Ndiye tumani bwana."

Tinabwerera chimanjamanja.

Ndinayesanso kamodzi, ndipo kanali komaliza. Ndinawapeza alamu akupukuta chotupa cha paboneti ndi nsanza. Ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo anali atapitirira mzere wapamwamba, wopyapyala ngati tiyi, akununkha petulo. Ndinawanunkhitsa.

"Alamu, mafuta akutsikira mu oyilo. Injiniyi ikudzikukuta yokha m'katimu."

Anayang'ana kachitsuloko, nkhope n'kuwala. "Mwaona? Galimoto za anthu zimamwa oyilo. Yanga ikubereka oyilo."

Madzulo omwewo nkhaniyo inali itafika kubala. Ndinabwerera pampando wanga. Munthu wotere ukamuuza kuti nyumba ikupsa amayamikira kuwala.

Galimoto inafa sabata yotsegulira sukulu, nthawi imene telala amapeza chakudya cha chaka chonse. Mlongo wanga anali atasokera kunyumba mayunifolomu ambiri, ndipo makolo ankayenera kukawatenga kushopu m'mawa umenewo. Anandipempha kuti ndikwere nawo ndikathandize kutsitsa mitolo. Ndinakhala kumbuyo, mitolo pamiyendo. Titangoyamba chitunda, m'injini munayamba kugogoda, ngati muli munthu amene akufuna kutuluka.

"Abambo, imani," anatero mlongo wanga.

"Ikutsegula kukhosi."

"Imani, ndikukupemphani."

Anaponda mpaka pansi. Kugogoda kuja kunafulumira, kenaka kunamveka kuphulika kumodzi kouma, galimoto n'kuima. Kunali zii. Nditatuluka ndinaona oyilo wakuda akuyenderera kutsika chitunda, akutsata m'mphepete mwa msewu. M'mbali mwa injini munali bowo lolowa chibakera.

Alamu anatsegula boneti, n'kuyamba kuona kabuleta yawo ngati yavulala. Inali bwinobwino. Anapumira m'mwamba.

Mlongo wanga sanawayang'ane. Anatenga ndodo yake n'kuyamba kukwera. Ine ndinasenza mitolo iwiri n'kumutsatira. Ankayenda pang'ono n'kukhala pamwala, kuyenda pang'ono n'kugwira mtengo wa magetsi. Milomo yake inatuwa. Anthu otsika kuchokera kumsika ankamupatsa moni, iye n'kumayankha ndi mutu wokha. Pamene tinkafika, makolo ena anali atatopa n'kupita. Otsalawo anawapatsa zovala zawo ali chikhalire pa sitepe, chifukwa kuimirira sakanatha.

Anayesa kwa masabata angapo. Anakwerapo njinga yamoto yonyamula anthu, koma bondo linakana kupindika, ndipo potsika anagwa. Kukwera takisi tsiku ndi tsiku kunkadya zonse zimene singano yabweretsa. Injini ina ya galimoto yakale chotero sinapezeke. Bweranimawa anati aifunafuna, abwere mawa. Mapeto ake mlongo wanga anabweza kiyi ya shopu kwa mwini nyumba. Makina ake anatsika chitunda pa ngolo yokankha, atamangidwa ndi zingwe, miyendo m'mwamba. Lero pamalo paja pali wogulitsa mafoni.

Tsopano amasokera pakhonde la nyumba yawo. Makolo a mayunifolomu sanamutsatire, poti pamsika pomwepo pali atelala ena. Amabwera ndi a mumsewu wathu, wina zipi, wina kupinda thalauza, wina chigamba.

Galimoto anaikokera kunyumba n'kuikhazika pa njerwa pafupi ndi khola. Nkhuku zinapeza kuti mpando wakumbuyo ndi wabwino kuposa khola la loko wamkulu lija, n'kuyamba kuikira mmenemo. Alamu ankakhala pachiwongolero masana, chigongono pawindo, akumvera wailesi ya m'manja ndi kupatsa moni odutsa. Wowafunsa ankamuuza kuti galimotoyo inali yokalamba, sinakwanitse mphamvu ya kabuleta. Ankanena modandaula, ngati munthu amene anachitira wina zabwino n'kubwezeredwa chipongwe.

Tsiku lina ndili pakhonde pawo kudikira kuti andisokere kolala, alamu anayambanso nkhani yomweyo kwa mlendo wina. Mlongo wanga anaimitsa makina.

"Abambo, kupuma munkafuna kuja ndi kumeneku. Galimoto yapuma. Shopu yapuma. Ine ndapuma. Mwatsala inu."

Mlendoyo anayang'ana pansi. Alamu anaseka mokweza, n'kumuuza kuti akazi ndi choncho. Makina anayambanso kulira.

Sabata yotsatira mlongo wanga anaitanitsa ogula zitsulo zakutha. Anati watopa kuona maliro a bambo ake pawindo m'mawa uliwonse. Pa zimenezi sanafunse munthu, poti galimotoyo inali m'dzina lake. Anandiuza kuti ndipite nayo mpaka komwe ikathere, kuti pakhale wa kubanja woiperekeza.

Ogula zitsulo aja anabwera ndi lole ndi chingwe. Asanaimange, alamu anatuluka ndi sipanala, n'kumasula kabuleta yawo. Anaikulunga m'nsalu yotsala pa ntchito ya mkazi wawo, n'kuiika pampando wakutsogolo.

"Iyi sikupita kuzitsulo," anatero. "Iyi ndi ya galimoto yotsatira."

Woyendetsa lole anafuna kuika mnzake pachiwongolero, koma alamu anakana. Anati galimotoyi ili ndi makhalidwe ake, mlendo sangaithe. Anavala jekete. Matayala anawapopa n'kuwabwezeretsa, njerwa n'kuchotsa. Mlongo wanga sanadzuke pamakina. Anangosiya kupalasa mpaka tinatuluka pageti.

Tinayenda tikukokedwa, ine kumbali, kabuleta pakati pathu. M'galimoto munkanunkha zitosi. Alamu anali chigongono pawindo, akukweza dzanja kwa aliyense wowadziwa. Ankasintha magiya. Pamaloboti, nyali itasintha, chingwe chinakoka ndipo tinanyamuka bwinobwino, koyamba m'miyezi yambiri.

"Mwaona mmene ikunyamukira?" anatero.



Kwa ogula zitsulo kuja kunali bwalo lalikulu la mipanda ya malata, milu ya mafiriji akufa, mabedi achitsulo ndi zigoba za magalimoto zosanjikizana. Lole inaima, ife n'kuima kumbuyo kwake. Munthu wa pasikelo anabwera n'kutambasula dzanja pawindo kuti alandire kiyi. Alamu anamukweza chala kuti adikire. Ndinaona bondo lawo likukwera, kenaka phazi la m'nsapato yaikulu ija n'kutsika mpaka pansi. Chopondera chinagunda chitsulo, waya wake akulendewera m'boneti wopanda chokoka. Anachigwira pansi kanthawi, mutu atapendeketsa ngati akumvetsera. Kenaka anapotokola kiyi, n'kuisolola, n'kunyamula kabuleta yawo, n'kutuluka.